Njinga yatsopano, ndiisamale bwanji kuti akuba asandilize?

Abiti Usipa:
Muli bwanji nonse muno. Ndagula njinga mwezi uno yoti ndizikapikulira usipa ku Makawa nkumabwera nawo kuno pa boma ku Mangochi, sinanga thiransipoti imangondidyera phindu lonse. Vuto ndi loti mumsika sindingalowe nayo, pamalo pathu ndi pothinana nde ndimaiimika panja, ndipo anzanga akungondiopseza kuti njinga yatsopano sichedwa kusowa. Inabwera ndi kaloko kaja ka kutayala lakumbuyo, kodi kameneka nkokwana? China, ndimanyamuka kusanache ndipo masienta a msewu wa ku Monkey Bay uja mukuwadziwa mmene amathamangira. Ndithandizeni nzeru abale.

Che Sipoko:
Achemwali kaloko kameneko musakadalire olo pang'ono. Kamangoletsa tayala kuzungulira basi, wakuba amanyamula njingayo mmwamba nkukhota nayo kuseli kwa golosale, kumeneko sikuludilaiva imodzi kathyoka. Gulani tcheni chokhuthala ku hadiweya ndi loko wamkulu, tchenicho mulowetse mu chubu chakutha kuti chisakale penti. Pomanga chidutse pakati pa felemu ndi tayala lakumbuyo nkuzungulira chinthu chosasuntha, mtengo waukulu kapena chitsulo chomangidwa ndi simenti, osati kamtengo kafupi koti munthu angokweza njinga nkusolola. Ena amamanga tayala lakutsogolo lokha, amenewo amakapeza tayala lili phee pomwepo njinga itapita, manati awiri aja samachedwa ndi sipanala.

Koma ine ndimakonza njinga nde ndikuuzeni chomwe anthu samachiganizira, umboni. Njinga yobedwa simayenda mmene inalili, tsiku lomwelo amachotsa madigadi, kusintha chishalo, kaliyala kuika ina, kenako penti yakuda yamuchitini, pena imabwera pashedi panga penti ikununkhabe mwini wake akuti ndaigula kalekale. Inuyo mutakumana nayo pamsewu mtima utha kukuuzani kuti ndi yanu koma kupolisi mukanena chani? Mitundu yake ndi yomweyomweyo, Humber, Hero, Buffalo, boma lonse ndi zimenezo. Nde itembenuzeni matayala aloze kumwamba, pansi pa felemu pomwe pamadutsa chitsulo cha mapedulo pali nambala yokhomedwa, ina imakhala mmunsi mwa chishalo. Pukutani bwinobwino muijambule pafoni, mulembenso mukope kunyumba poti foni nayo imabedwa. Lisiti sungani mupulasitiki. Komanso lembani dzina lanu ndi mudzi pakapepala, mukulunge mu jumbo, muzule chishalo nkuponya mkati mwa paipi ija. Nambala ena amaipala ndi fayilo koma mupaipi sindinaonepo wakuba akusuzumiramo.

Wakabaza wa pa Mlatho:
Za loko madala anena kale, ine ndinene za msewu poti ndimo ndimaswera. Kuyenda kusanache opanda chowala ndi kudzipereka mayi, dalaivala amakuonani atafika kale. Pezani jekete yowala ija ya aneba kapena ya a njinga zamoto, ndiye poti dengu la usipa lizikubisani kumsana mumange chonyezimira padengu penipenipo, ife ena timakhoma ma CD akutha kumbuyo kwa kaliyala amawala bwino galimoto ikaunika. Tochi yakutsogolo mumange pahandulo ndi mphira, osagwira mmanja. Muziyenda kumanzere limodzi ndi magalimoto, osati kuyang'anizana nawo ngati oyenda pansi, ambiri amasokoneza pamenepa.

Chimene chimagwetsa anthu kwambiri kuno si galimoto koma mchenga wa mmphepete mwa tala. Lole ikuimba hutala kumbuyo, iwe mantha nkutsika tala uli pa liwiro, tayala lakutsogolo limatitimira handulo nkupotoka, uli ndi katundu kumbuyo sungaigwirenso. Mukamva chachikulu chikubwera chepetsani liwiro kaye kenako mutsike, olo kuimiratu palibe manyazi. Mukaona nyali imodzi kutsogolo musafulumire kuti ndi njinga yamoto, pena ndi galimoto yothima diso limodzi. Mbuzi za mmidzi ya mmbali mwa msewumo nazo sizimva belu. Mahedifoni ayi. Ndipo dengu lisatambalale kuposa handulo, pamlatho wa Bakili Muluzi ndaonapo thumba la makala litakodwa ndi minibasi munthu nkugwera pachitsulo. Mabuleki a ndodo aja raba ikatha musinthe tsiku lomwelo, makamaka inu amene mumatsika ku Chowe ndi katundu kuchokera ku Namwera, zogwira tayala ndi silipasi zija tasiyani.

Mayi a Shakira:
Kkkkk za silipasi nde mwalasa bambo a kunyumba kwanga. Achemwali ine ndionjezere kuti loko wamkulu ndi munthu. Pezani wokhazikika, telala wa pakhonde kapena wogulitsa mayunitsi yemwe samachoka pamalo, muzimangirira pamaso pake tsiku lililonse, madzulo kam'patsa kambale ka usipa, ameneyo wina akangoigwira amufunsa. Komanso anthu amasamala kumsika nkumatayilira kunyumba, pomwe zambiri zimapita usiku pakhonde. Kutenthe bwanji mu Okutobala muno mugone panja inuyo koma njinga ilowe mnyumba. Kumaliro, kuchipatala, kumzikiti pa Juma kapena kutchalitchi nakonso, njinga zimakhala mulu anthu maganizo ali kwina, wina amangobwera nkusankha yabwino ngati akusankha chambo padoko. Ine yanga ndinaipaka penti yonyansa dala ya gilini ndi yofiira, palibe amaikhumbira.

Mphunzitsi wa ku Malindi:
Penti yonyansa imathandiza kuti muizindikire muli patali mayi, koma sikuti wakuba aisiya, ambiri akufuna masipeya, malimu, habu, tcheni, amaphwasula nkugulitsa chimodzichimodzi. Ndipo tisamanamizane, amaba chifukwa ogula ndife tomwe. Munthu akubwera madzulo ndi njinga yabwinobwino mtengo wotsika modabwitsa, lisiti alibe, akuti mwana wadwala ndikufuna ndalama pompano, ife nkumasangalala kuti tatola. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu pawokha, njinga amalanda ndalama osabwerera mwinanso kugona mchitolokosi. Ogula yakale mulemberane kalata, nambala ya felemu ilembedwe, wogulitsa aonetse chitupa chake cha unzika, pakhale mboni, kumudzi kwabwino kudzera kwa amfumu.

Ikabedwa musadikire mawa, kaneneni kupolisi tsiku lomwelo ndi nambala ija, muuze a komiyuniti polisi, mutumize chithunzi mmagulu a WhatsApp a akabaza ndi kwa okonza njinga, amenewa ndi amene amaziona zikudutsa. Kuchedwa nkoipa kuno chifukwa njira ya ku Chiponde ndi yapafupi, ikalowa ku Mozambique iwalani. Ndipo mukamugwira wakubayo mpititseni kupolisi, zomenya ndi zootcha zija mlandu umakutembenukirani, pena nkupezeka womenyedwayo anangogula osadziwa.

Abiti Usipa:
Zikomo kwambiri nonse, nambala ndaipeza inabisika ndi matope, ndajambula. Che Sipoko kodi maloko a waya aja okhala ndi manambala otembenuza, ndawaona mushopu ndi opepuka bwino, sangagwire ntchito mmalo mwa tcheni? Tcheni ndi dengu ndikuona kulemera.

Che Sipoko:
Otchipa aja ayi achemwali, kunja pulasitiki wonenepa koma mkati kawaya koonda, pulayala yabwino imadula kamodzi. Tchenicho musachiike mudengu, muzichizunguliza papaipi ya chishalo nkukhoma loko, simuchimva nkomwe. Kiyi winayo musiye kunyumba, ndipo loko muzimudonthezera oilo mwa apo ndi apo, fumbi la kuno ndi madzi a usipa amachita dzimbiri msanga.