Mabogi akale a kasitima kachidole ka HST, kasitomala akufuna Castle ya 2021, ndidule zitseko kapena?

Wa ku Plymouth: Akuluakulu mwaswera bwanji, ndili ndi mutu waukulu kuno. Madala ena opuma pa ntchito andibweretsera kasitima kawo kachidole ka saizi ya OO (kochepa ka 76 poyerekeza ndi yeniyeni), kofanizira HST, sitima yothamanga ija ya ku Britain: mitu iwiri (mainjini a kutsogolo ndi kumbuyo) ya Class 43 ndi mabogi a mtundu wa Mk3 asanu ndi limodzi, zonse penti yabuluu ija ya kampani ya First Great Western. Mchipinda mwawo amangamo chifanizo cha Dawlish ku England, khoma la m'mbali mwa nyanja lija pomwe pamadutsa njanji, ndiye akuti ndipente zonse girini zikhale Castle, HST yaifupi ija ya GWR (dzina latsopano la kampani yomweyo), ngati momwe ankaionera 2021. Ine osaganiza ndavomera ndalandiranso theka la ndalama, kufika kunyumba kutsegula bokosi mabogi onse ndi a zitseko zakale zija zotsegula ndi dzanja. Castle inali ya zitseko zotsetsereka. Ndipange bwanji apa, ndidule?

Akulu a ku Doncaster: Musanagwire mpeni achimwene, werengani kaye mawindo akuluakulu mbali imodzi. Alipo angati?

Wa ku Plymouth: Anayi ali ndi 8, awiri ali ndi 7. Ndimangoti mwina ndi mtundu wina wa bogi.

Akulu a ku Doncaster: Ayi awiri a 7 aja ndi akalekale aja a Hornby, kampani yopanga tisitima timeneti, anawafupikitsa dala kuti azikhota pa njanji zopindika kwambiri za ana. Mk3 yeniyeni ndi mamita 23, mukagawa ndi 76 mupeza pafupifupi masentimita 30. Ikani rula muone, awiriwo sakufika. Amenewo musatayirepo penti, mukawaika pakati pa anzawo aoneka ngati mwana wa sukulu walowa pa mzere wa asilikali. Mwayi wanu ndi woti Castle imafuna mabogi anayi basi, ndiye nambala yakwana. Koma zitsekozo ndi nkhani ina.

Wa ku Cardiff: Man ingopoperani girini mupereke, madala amenewo adziwa chani za zitseko kkkk

Achemwali a ku Leeds: Iwe usamunamize mnzako. Munthu woti wamanga khoma la Dawlish ndi manja ake mwala umodziumodzi asadziwe chitseko? Anthu amenewa amawerenga mpaka timabawuti. Ndipo akapanda kuona iwowo aona anzawo a ku kalabu, dzina loipa lidzakhala la amene wapenta.

Wa ku Cardiff: Chabwino achemwali ndagonja, koma inetu sindimvetsa, sitima yomweyomweyo anangoidula kukhala yaifupi, zitseko anasinthiranji

Akulu a ku Doncaster: Lamulo mphwanga. Kuyambira pa 1 January 2020 sitima zonyamula anthu kuno ku Britain zimayenera kukhala zoti olumala akwere bwinobwino. Chitseko chakale chija kuti utsike umatsitsa windo, kutulutsa mkono kunja, kupotokola chogwirira cha panja. Tangoganiza agogo kapena munthu wa pa njinga ya olumala apange zimenezo. Komanso zimbudzi zakale zinkangotayira pa njanji, ndiye anaikamo matanki. Ntchito yosintha ija inkachitikira konkuno ku Doncaster ku kampani ya Wabtec, ya GWR, ya ScotRail ndi ya CrossCountry. HST inayamba 1976, pomwe sitima zatsopano za Class 800 za Hitachi zinalanda maulendo ataliatali a ku siteshoni ya Paddington ku London mu May 2019 mabogi ambiri anangotsala opanda ntchito, ndiye ena anawakonza chonchi kuti aziyenda Cardiff, Exeter, Plymouth mpaka Penzance. Makampani enanso anasiya ma HST awo, LNER December 2019, East Midlands 2021, CrossCountry 2023, zina zinakwera chombo kupita ku Mexico ndi ku Nigeria.

Wa ku Plymouth: Zikomo akulu. Ndiye kudula kutheka? Ndili ndi pulasitiki yopyapyala ndi filler wokwanira.

Achemwali a ku Leeds: Kutheka kumatheka koma tawerengani kaye. Bogi limodzi zitseko zinayi, mabogi anayi ndi zitseko 16. Chilichonse mufafanize chogwirira ndi mahinji, mutseke windo lotsika lija, mujambule mzere wa chitseko chatsopano chomwe chimalowa mkati pang'ono, ndiponso mawindo ang'onoang'ono a kumapeto sali ngati kale chifukwa chitseko chimafuna malo otsetserekera. Mukalakwitsa theka la milimita pa chimodzi diso limathamangira pomwepo, girini wa GWR ndi wakuda komanso wonyezimira sabisa kanthu. Ine ndinayesapo bogi limodzi lokha, masabata awiri madzulo aliwonse ndikaweruka, mapeto ake mbali ina inaoneka ngati chitseko cha khola la nkhuku. Ndalama imene mwatchajayo siingalipire maola amenewo.

Wa ku Cardiff: Nanga bwanji kungowauza madalawo abweze chaka m'mbuyo? Girini anayamba 2015 eti, ndiye 2017 kapena 2018 kunali ma HST a girini a zitseko zakale. Palibe chodula apo

Akulu a ku Doncaster: Apa wayankhula zanzeru mphwanga, zoona analipo. Koma imeneyo inali sitima yaitali ya ku London, mabogi 8 pamodzi ndi first class ndi lija logulitsiramo zakudya. Mabogi 8 ndi mamita 2.4, kuphatikiza mitu iwiri mukuyandikira mamita atatu. Achimwene a ku Plymouth, pulatifomu ya madalawo ndi yaitali bwanji?

Wa ku Plymouth: Ndawaimbira pompano, akuti 1.8 basi, ndipo ndi chifukwa chake akufuna Castle. Ati anayeza kale imakwana ndendende.

Akulu a ku Doncaster: Mwaonatu, amadziwa chomwe akuchita. Mabogi anayi ndi mitu iwiri ndi cha m'ma 1.7. Ndiye za 2018 zagwa.

Wa ku Blantyre: Ine ndikungowerenga kuno ndikuseka, anthu akuluakulu kulimbana ndi chitseko chochepa ngati chikhadabo. Ife timapanga za waya ndi zitini zogulitsa kwa alendo, bola mawilo azungulire kkkk. Koma funso langa, mukamati bogi mukunena chonse chokwera anthu ngati timanenera za sitima ya ku Limbe kupita Balaka, kapena za mawilo zija? Paja azunguwo bogie amanena kansi kokhala mawilo.

Achemwali a ku Leeds: Chonsecho bambo, monga kwathu. Ine tsiku lina mu shopu ndinasokoneza nazo wogulitsa, ndikuti ndikufuna ma bogie anayi iye kunditulutsira timawilo m'kapepala.

Akulu a ku Doncaster: Tibwerere ku ntchito. Maganizo anga ndi awa achimwene, Hornby inatulutsa kale Mk3 za zitseko zotsetsereka za girini wa GWR, ndipo zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka pa eBay ndi m'mashopu a second hand. Auzeni madala chilungamo, agule anayi amenewo, abuluu anayi abwinowo agulitse osawakhudza chifukwa ali ndi penti yoyambirira amagulika bwino kuposa opentedwanso. Inu ntchito yanu ikhale mitu iwiri ija, kuika anthu mkati, ndi kudetsa pansi ndi padenga kuti zioneke zoyenda. Pogula onetsetsani pali TGS imodzi, ija yokhala ndi kachipinda ka gadi kumapeto, ndipo pasakhale first class kapena ya zakudya, Castle inalibe. Manambala akhale oyamba ndi 48 ndi 49, osati 42 ndi 44 akale aja. China, musanyengeke ndi Mk3a zotchipa, zija zinkakokedwa ndi injini wamba zili ndi ma buffer (tizitsulo togundanira mabogi) kumapeto, za HST zilibe.

Wa ku Plymouth: Apa ndiye mwanditsegula maso. Koma girini wanga akafanana ndi wa ku fakitale? Ndikuopa mitu ina mtundu wina mabogi mtundu wina.

Achemwali a ku Leeds: Musayambe kupopera mabogi asanafike. Akafika poperani pa supuni za pulasitiki zitatu zinayi, primer (penti yoyambira) yosiyana pansi, muyerekeze panja masana osati pa getsi la m'nyumba. Pochotsa buluu gwiritsani IPA (spiriti uja wa isopropyl), viikani thupi lokha mutachotsa magalasi ndi mota, kenako mswachi wakale. Thinner wa galimoto ayi ndithu, ndinasungunula naye mphuno ya Class 43 ya munthu ndinachita kugula thupi lina ndi ndalama zanga. Ma decal (timapepala ta manambala ndi zizindikiro) aikeni pa gloss, vanishi pambuyo. Magalasi pobwezera osagwiritsa super glue amachita chifunga, guluu woyera uja amene amauma n'kukhala ngati madzi ndi amene ali bho.

Akulu a ku Doncaster: Ndipo dzina la mutu musalote, pezani chithunzi cha 2021 cha nambala yomwe mukufunayo muone mbali zonse ziwiri. Mitu imeneyi inasinthidwa maina kangapo, nameplate yolondola pa nambala yolakwika madala aja akubwezerani.

Wa ku Plymouth: Ndabwerako kwa madala. Poyamba nkhope inagwa atamva zogula mabogi ena, kenako anatulutsa album yawo tinayang'ana limodzi, iwo okha n'kuloza chitseko kuti aaa zoona. Avomera, abuluu atatu agulitsa limodzi akuti lisale ndi la chikumbutso. Awiri afupiafupi aja andipatsa ine ulere.

Wa ku Cardiff: Amenewo nditumizireni man ndiphunzirirepo kudula zitseko, positi ndilipira ndekha