Wodwala khunyu kapena wokonda kachasu akathyola nyumba ndi chikwanje, khoti limamuchitira chifundo?

Wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mnyamata wodwala khunyu, amenenso chamba ndi kachasu zinamulowerera, akalowa m'nyumba ya eni usiku ndi anzake awiri, chikwanje kumanja, n'kulanda foni ndi ndalama, khoti limaganizira matenda akewo? Anthu kuno akuti "anali ataledzera, amumasula". N'zoona?

Bambo a ku Matawale: Achimwene, akukunamizani. Pamenepo milandu ndi iwiri: kuthyola nyumba usiku, gawo 309 la Penal Code (buku la malamulo a milandu ndi zilango zake), ndi kuba moopseza, gawo 301. Wakuba moopseza akakhala ndi chida, kapena ali ndi anzake, kapena wavulaza munthu, chilango chachikulu penipeni ndi imfa kapena moyo wonse m'ndende. Makhoti safika pamenepo kawirikawiri. Pa kuba kotere amayambira cha pa zaka 10, pa kuthyola nyumba usiku zaka 6, kenako amakweza kapena kutsitsa. Zilango ziwirizo nthawi zambiri zimayendera limodzi.

Za mowa, gawo 13 likuti kuledzera si chodzitetezera, pokhapokha wina atakumwetsa mwachiwembu, kapena mowawo utakuzunguza mutu kufika pamisala, osadziwanso chimene ukuchita. Misala ili pa gawo 12, ndipo siyongonena pakamwa. Khoti limafuna lipoti la dokotala, kuno n'ku Zomba Mental Hospital. Munthu amene anasankha nyumba, anadikira eni agone, n'kukabisa katundu, n'zovuta kuti khoti likhulupirire kuti sankadziwa kanthu. Ndipo akapezekadi wamisala sabwerera kwawo tsiku lomwelo, amasungidwa kuchipatala.

Mayi a ku Sadzi: Ndiwonjezere, bambo. Pomwe matenda amagwira ntchito ndi nthawi yopempha chifundo, atapezeka kale wolakwa. Ambiri amaphonya pomwepa. Amangoti "ndili ndi ana, ndimadwaladwala" n'kukhala pansi, wamajisitireti n'kulemba mzere umodzi basi.

Achibale abweretse kabuku ka kuchipatala koonetsa kuti mankhwala a khunyu, monga phenobarbitone, anayamba liti ndipo amamwa angati patsiku, kalata ya dokotala yonena kuti amagwa kangati pamwezi, ndi munthu wodziwa kufotokoza chisamaliro chimene amafuna. Wolumala miyendo anene momveka kuti kuchimbudzi sapita yekha, ndipo m'selo yodzaza ngati za ku ndende yaikulu ya Zomba chaka chimodzi kwa iye n'cholemera kuposa kwa mnzake wamphamvu. Wosamva ali ndi ufulu wokhala ndi womasulira chinenero cha manja. Akavomera mlandu asanamve zomwe zawerengedwa, chimenecho n'chifukwa chokachitira apilo ku khoti lalikulu.

Kuvomera msanga kumatha kuchotsa mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango. Kukhala woyamba kupalamula ndi kubweza katundu kumathandizanso, koma pa mlandu wa chikwanje musayembekezere kuti agwira ntchito zakudera m'malo mwa ndende. Za mowa ndi chamba anene mosamala. "Unali mowa" kumamveka ngati kuzemba. Bola kuonetsa pepala loti anayambapo kulandira thandizo kuti asiye. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka maloya kwa osowa, mlandu usanayambe, osati chigamulo chitaperekedwa.

Wa ku Mpondabwino: Tisaiwale eni nyumba. Mwana amene anaona chitseko chikugwa ndi mwala pakati pa usiku satenga tulo miyezi yambiri, ndipo khoti limayenera kumva zimenezo. Wovulazidwa atenge kalata kupolisi, dokotala alembe bala lililonse, kukula kwake ndi masitichi, lipotilo lifike kwa woimira boma pamlandu. Popanda lipoti, bala la chikwanje limasanduka mawu chabe.

Chinanso kwa achibale a womangidwa: munthu wozolowera kachasu tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi m'chitokosi amanjenjemera, amabwebweta, ena amakomoka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo wa khunyu zimamufulumira. Uzani apolisi tsiku loyamba lomwelo, mankhwala ake muwapereke pamodzi ndi kabuku.