Mapu a dziko la gemu yathu ya D&D, ndiyambire pati?

kadzidzi_wausiku:

Moni nonse. Ndakhala ndikuyendetsa Dungeons & Dragons (D&D), gemu yapatebulo yomwe aliyense amasewera ngati khalakita wa m'nthano, ndi anzanga anayi Loweruka lililonse kwa miyezi itatu tsopano, ine ndiye DM (Dungeon Master, wokonza dziko ndi kutsogolera nkhani), ndipo mpaka pano tikungosewera m'mudzi umodzi ndi phanga lomwe lili pafupi nawo. Koma anyamata ayamba kufunsa kuti kuseri kwa phiri lija kuli chani, mtsinje uja ukupita kuti, mfumu yomwe imatolera msonkho imakhala kutali bwanji, ine mayankho ndilibe. Ndiye ndinagula pepala lalikulu la flip chart nkujambula dziko lonse, maufumu 7, nyanja ziwiri, chipululu pakati, koma ndikaliyang'ana silikuoneka ngati malo oti anthu angakhaleko, zikungooneka kuti ndamwaza mapiri ndi mitsinje paliponse. Amene munapangapo ndithandizeni, mitsinje mumaiika bwanji kuti izimveka, mtunda mumauyeza bwanji, komanso pali pulogalamu yomwe singathe bandulo yanga?

mlondawadoko:

Achimwene yambani ndi mapiri, madzi abwere pambuyo, mukatero theka la ntchito latha. Mtsinje umayambira pamwamba nkutsetsereka, ndipo mitsinje imakumana nkukhala umodzi waukulu, siigawikana pakati pa ulendo. Malo okhawo omwe mungaugawe ndi kumatsiriro pafupi ndi nyanja yamchere ngati mmene Zambezi amachitira akamalowa mu Indian Ocean. Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri ndi mtsinje wodula dziko kuchokera kunyanja ina kukafika kunyanja ina, kapena nyanja yokhala ndi mitsinje itatu yotuluka. Tangoonani nyanja yathu ya Malawi, mitsinje yolowa ndi yambiri, Songwe, Bua, Dwangwa, Linthipe, koma wotuluka ndi Shire yekha basi ku Mangochi kuja. Pa nyanja ziwiri zanuzo imodzi ipangeni choncho.

Inayo ipangeni ngati Chilwa, ndipo iyi ndiye ndimaikonda. Chilwa alibe mtsinje wotuluka, madzi amangouma ndi dzuwa nchifukwa chake ndi amchere, ndipo zaka zina amaphwa ngati mu 1995 ndi 2018. Taganizani mu gemu, chilumba chomwe chili ndi kachisi wakale pakati pa nyanja, anthu amaopa kupitako pa bwato, ndiye chaka cha chilala nyanja yaphwa aliyense angathe kufikako wapansi, mafumu awiri akulimbirana, asodzi asowa chochita ayamba umbava. Nkhani ya miyezi iwiri yatuluka mu nyanja imodzi yokha.

Chipululu chanucho musachiike pakati chifukwa choti panali malo opanda kanthu. Chiikeni kuseri kwa mapiri. Mphepo yochokera kunyanja ikakwera phiri imagwetsa mvula mbali imeneyo, ikatsikira mbali inayo imakhala youma. Ku Mulanje zimaoneka bwino, mbali yakumwera kuli minda ya tiyi yobiriwira, kuseri ku Phalombe mvula ndi yochepa. Sankhani komwe mphepo ikuchokera, jambulani kamuvi pakona ya pepala, nkhalango ndi chipululu zidziwa zokha pokhala.

Matauni nawo amamera pomwe anthu amakakamizika kuima, pa doko, pomwe mitsinje iwiri yakumana, pampata wa mapiri, kapena pa mathithi. Shire sayendeka ndi bwato kuyambira cha ku Matope mpaka ku Kapichira chifukwa cha mathithi, sitima ya Livingstone inalephera kupitirira pamenepo mu 1859. Malo otero mu dziko lanu katundu amatsitsidwa nkunyamulidwa pamutu, ndiye pamakhala msika, nyumba zogona alendo, wotolera msonkho, ndi akuba.

nyerere_d20:

Zonse zomwe anena akuluwa ndi zoona koma ine ndikuti pepala lalikululo lipindeni kaye muliike pansi pa matiresi aise. Osewera anu sanafunse za maufumu 7, afunsa za phiri limodzi, mtsinje umodzi ndi mfumu imodzi. Ine gemu yanga yoyamba ndinatha masabata atatu ndikujambula dziko lonse ndi mbiri ya zaka 1000, gulu linatha chaka chonse osachoka m'chigwa chimodzi, zinandiwawa kwambiri chifukwa nthawi imeneyo ndikanakonza chigwacho bwinobwino.

Tengani pepala la hex, lija la timabokosi ta mbali zisanu ndi imodzi, mudzi wanu pakati. Mu malamulo a 5e (mtundu wachisanu wa D&D) gulu loyenda liwiro wamba limatha ma mile 24 patsiku, ndi ma kilomita 38 ndi kanthu, ndipo malo ovuta ngati dambo kapena nkhalango yowirira amadula mtundawo pakati. Ndiye hex imodzi ikhale ma mile 6, pa msewu ma hex anayi patsiku, m'dambo awiri, mukangowerenga ndi chala mwadziwa kuti agona kangati panjira ndipo kamba awathera pati. Jambulani malo okwana ulendo wa masiku atatu mbali zonse basi. Muikemo zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoti munthu angafune kukaona, ndipo onetsetsani kuti kupita kwa mfumu kuli njira ziwiri, yaifupi yoopsa ndi yaitali yodula msonkho, kuti azikangana patebulo asananyamuke. Kunja kwa malowo lembani maina okha ndi mphekesera, kumpoto akuti kuli anthu okumba mchere, zatha.

Chinanso, khalani ndi mapu awiri. Anu oona, ndi ena omwe mwawapatsa osewera ojambulidwa ndi wamalonda wa mu gemumo, okhala ndi mipata ndi zolakwika pang'ono, azilembapo okha akamayenda.

gogo_wamadayisi:

Za pulogalamu, Azgaar's Fantasy Map Generator ndi yaulere, imatseguka mu browser ndipo imakupangirani mapiri, mitsinje ndi malire, koma pa foni imavuta, bola laputopu. Inkarnate ili ndi gawo laulere koma imafuna intaneti nthawi zonse. Wonderdraft mumagula kamodzi nkumagwiritsa ntchito popanda intaneti. Ine ndimakhalabe pa pensulo chifukwa magetsi akazima gemu imapitirira. Gombe likamakuvutani mwazani mpunga kapena nyemba papepala nkuzungulira m'mbali mwake ndi pensulo, limatuluka lokhotakhota bwino ndipo timbewu totayika timakhala tizilumba.

kadzidzi_wausiku:

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndaona kuti mitsinje yanga iwiri imakwera phiri ndithu, ndafufuta. Ndasindikiza hex ndipo likulu la mfumu ndaliika pa mathithi, masiku atatu kuchokera kumudzi. Funso lotsala ndi maina, ndikapeka amamveka achilendo ndipo anyamata amaiwala pofika sabata yotsatira.

mlondawadoko:

Atchuleni mmene anthu amatchulira malo enieni achimwene, ndi chomwe chilipo kapena chomwe chinachitikapo. Doko la Ng'ona, Phiri la Amasiye, Dambo la Mfiti, Msika wa Mchere. Dzina lotero munthu saiwala ndipo limadzutsa funso, wina afunsa ndithu kuti amasiyewo anali ndani. Akafunsa musayankhe msanga, afunseni kaye iwo kuti khalakita wawo anamva zotani ali mwana, mulembe zomwe anenezo kuseri kwa mapu ndipo Loweruka linalo mugwiritse ntchito imodzi.