Masters ya chilankhulo cha Syriac: ndiyambire pati?

Chisale_wakuDedza:
Abale, ndigaireni nzeru. Ndili ndi digiri ya zaumulungu, ndipo Chiheberi ndi Chigiriki ndinaphunzirako. Chaka chatha ndinawerenga nyimbo za Ephrem, mlembi wa nyimbo zachikhristu za Syriac uja anamwalira ku Edessa (mzinda wa ku Turkey wa lero) mu 373, koma zomasuliridwa m'Chingerezi. Zija za ngale zinandigwira mtima kwambiri. Chondiwawa n'chakuti womasulira amati akalemba m'munsi mwa tsamba kuti apa mawu awiri akumveka mofanana, ine ndimangokhulupirira osamva kanthu. Ndikufuna kumumva Ephrem m'chilankhulo chake. Kodi masters yake imachitikira kuti, nanga Chiheberi changachi chindithandiza?

NaBanda:
Chikuthandizani ndithu, achimwene. Syriac ndi nthambi ya Chiaramu, ndiye mizu yambiri ya mawu mudzaizindikira msanga: mfumu ndi malka, nyumba ndi bayta. Koma musadalire zimenezo. Kalembedwe kake kalipo katatu, Estrangela, Serto ndi kakum'mawa, ndipo mipukutu yakale kwambiri ilibe zizindikiro zonse za mavawelo. Ine ndinayamba ndi Serto, ndiye tsiku loyamba kuona tsamba la Estrangela ndinangoti kukamwa yasa. Yambani lero ndi Uthenga wa Maliko mu Peshitta, Baibulo la Syriac. Nkhani yake mukuidziwa kale, choncho maso anu adzazolowera zilembo popanda kulimbananso ndi tanthauzo. Mavesi asanu pa tsiku, mokweza mawu.

MbusaPhiri:
Oxford ili ndi masters ya chaka chimodzi, ndipo n'komwe katswiri wa Syriac, Sebastian Brock, anaphunzitsa mpaka 2003. Ine ndikanakonda muganizirenso za SEERI, sukulu ya maphunziro a Syriac ya ku Kottayam, m'chigawo cha Kerala ku India. Kumeneko chilankhulochi chikumvekabe m'mapemphero a mpingo, ndipo kwa munthu wokonda nyimbo ngati inu, zimenezi n'zofunika. Ephrem analemba kuti anthu aziimba.

Chisale_wakuDedza:
Zikomo abusa, za ku India sindinaziganizepo. Mayi NaBanda, nanga mipukutu yeniyeniyo munthu wokhala kuno angaione bwanji?

NaBanda:
Pa intaneti. HMML, laibulale ya mipukutu ya ku Minnesota ku America, inajambula mipukutu yambiri ya ku Iraq, Syria ndi Turkey, ndipo mukalembetsa mumaiona ulele. Bungwe la Syriac lotchedwa Beth Mardutho la ku New Jersey nalonso limachititsa maphunziro a chilankhulochi.

Pali china chimene chimandikhudza ine. Buku lakale kwambiri la Syriac lokhala ndi deti linalembedwa ku Edessa mu 411. Lero lili ku British Library, koma linasungidwa zaka mazanamazana kuno ku Africa, kunyumba ya amonke ya Deir al-Surian m'chipululu cha Egypt. Mkulu wa nyumbayo, Moses wa ku Nisibis, anabwera ndi mabuku 250 mu 932 pochokera ku Baghdad. Zambiri mwa nyimbo za Ephrem zomwe mukuzikondazo tili nazo chifukwa cha mipukutu ya kumeneko. Polemba kalata yofunsira malo, tchulani nyimbo imodzi imene mwaiwerenga nokha m'Estrangela, ndi mzere umene unakuvutani.