Mtima ukuwathamanga mayi anga chiyambireni mankhwala atsopano a BP, asiye kumwa?

Wofunsa, ku Ndirande: Moni nonse a m'gulu lino. Mayi anga ali ndi zaka 58 ndipo akhala akumwa mankhwala a BP otchedwa HCT 25mg kwa zaka zitatu. Masabata awiri apitawa anawawonjezera nifedipine 20mg, kawiri patsiku. Chiyambireni, mtima ukumawagunda ngati athamanga, mutu ukuwawawa, akakolo atupa. Kamakina ka BP kakuonetsa 138/86, kugunda kwa mtima 112. Iwo akuti angosiya. Aneba akuti awagawireko atenolol wawo. Tsiku lobwerera kuchipatala ndi mwezi wamawa. Titani?

Namwino wa odwala mtima: Pepani achemwali. Asasiye paokha, ndipo musadikire mwezi wamawa: mawa lomweli pitani nawo kumene anawalembera, mutanyamula buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala. Zimene mwatchulazo zimachitika ndi nifedipine. Mankhwalawa amatakasa mitsempha, BP imatsika, ndiye thupi limafulumizitsa mtima pofuna kubwezera. Kutakasuka komweko ndi kumene kumabweretsa mutu, kutentha kumaso ndi kutupa kwa akakolo. Adokotala angachepetse mlingo kapena kuwasinthira amlodipine, amene amalowa m'thupi pang'onopang'ono, ngakhale nayenso amatupitsa mapazi. Muonenso paketi: ngati palembedwa SR kapena retard, piritsilo silophwanya kapena kutafuna. Likaphwanyika, mphamvu yomwe imayenera kutuluka pang'onopang'ono imalowa nthawi imodzi, mtima n'kuthamanga kwambiri.

Wogwira ntchito ku famase, Limbe: Za atenolol wa anebazo ayi ndithu. Amachepetsadi kugunda kwa mtima, koma munthu wa mphumu akhoza kubanika naye, ndipo wa shuga amamubisira zizindikiro zoti shuga watsika. Komanso amene wazolowera atenolol kapena propranolol akasiya mwadzidzidzi, mtima umathamanga kuposa poyamba. Ndifunseko: akumwanso chiyani? Mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine, salbutamol wa mphumu, khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zimathamangitsa mtima. Za mutuwo amwe Panado. Brufen ndi diclofenac amakweza BP ndiponso amavutitsa impso.

Wofunsa: Tiyi yekha, makapu anayi kapena asanu patsiku. Akudandaulanso kuti miyendo ikumakokana usiku.

Dokotala wa matenda a akuluakulu: Kukokanako kukundiloza kwa HCT, mayi. Mankhwala okodzetsa monga HCT ndi furosemide (ambiri amati Lasix) amatulutsa potaziyamu, mchere wina wofunika m'thupi, mumkodzo. Akachepa, minofu imakokana, thupi limafooka, mtima umagunda modumphadumpha. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kuno ku Blantyre kumawonjezera vutoli chifukwa cha thukuta. Choncho tisamangoloza nifedipine yekha. Mukafika, pemphani kuti aone izi: ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina), mlingo wa magazi (Hb), potaziyamu ndi impso, malungo ngati thupi likutentha, komanso chithokomiro ngati akuonda, akunjenjemera manja kapena kutuluka thukuta kwambiri. Kuchepa kwa magazi kumathamangitsa mtima kawirikawiri, ndipo piritsi la mtima silingakonze zimenezo.

Komanso, ambiri timasokoneza zinthu ziwiri. "Kuthamanga kwa magazi" ndi manambala awiri aja, 138/86. Kugunda kwa mtima ndi 112 uja. Munthu wamkulu atapuma, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi.

Namwino wa odwala mtima: Kamakina kamalakwitsa ngati mtima ukudumphadumpha, ndiye muziwerenganso ndi zala. Akhale pansi mphindi 5 asanamwe tiyi. Ikani zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, pamkono pafupi ndi dzanja, mbali ya chala chachikulu. Musagwiritse chala chachikulu chanu, chili ndi kugunda kwakekwake. Werengani mphindi yathunthu. Lembani mu kope: nthawi, nambala, ngati kugundako kunali kofanana kapena kodumpha, ndi nthawi imene anamwa mankhwala. Ngati 112 akubwera ola limodzi kapena awiri atamwa nifedipine kenako n'kutsika, adokotala adziwa msanga pogwira. Tiyi achepetse afike makapu awiri, madzi azimwa mokwanira, HCT azimwa m'mawa, podzuka aziyamba akhala kaye m'mphepete mwa bedi kuopa chizungulire.

Membala wina: Ndinamva kuti nthochi zimathandiza, komanso kusisita pakhosi mtima ukathamanga.

Dokotala wa matenda a akuluakulu: Nthochi, mapeyala, mbatata ndi nyemba zili ndi potaziyamu, adye monga chakudya. Koma amene akumwa mankhwala ena a BP monga enalapril kapena spironolactone, kapena impso zake n'zofooka, potaziyamu amachuluka m'malo mochepa, n'chifukwa chake timayamba tayeza magazi. Kusisita pakhosi musayerekeze kunyumba, makamaka kwa munthu wamkulu: kukhoza kuyambitsa sitiroko kapena kukomoka.

Achemwali, izi zikaoneka musadikire kuti kuche: kupweteka kapena kulemera pachifuwa, kubanika atakhala chete kapena akagona chagada, kukomoka, kusokonezeka mutu, mkamwa kupindika kapena mkono kufooka, mtima kupitirira 130 atapuma osatsika. Pezani galimoto molunjika ku Queens, ku AETC kumene amalandirira akuluakulu odwala mwadzidzidzi. Asayende wapansi ndipo asakwere njinga yamoto.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndawerenga pompano ndi zala, ndapeza 104, kugunda kofanana, chifuwa sichikupweteka. Nanga piritsi la madzulo ano amwe?

Namwino wa odwala mtima: Yezani BP kaye. Ngati nambala yam'mwamba ili pamwamba pa 110 ndipo alibe chizungulire, amwe monga anawalembera, lathunthu, ndi madzi. Ikakhala pansi pa 100 kapena akulephera kuimirira, asamwe, mupite nawo usiku womwewu. Kope lija musaliiwale mawa.