Madzi a m'nyanja aja ndawayesa

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndingamatunge madzi a m'nyanja kuno ku Durban n'kuthira m'thanki yanga ya makorale (zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati miyala kapena zomera), m'malo mogula mchere wosungunula. Zikomo nonse amene munandilangiza.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa. Ndinatunga pafupi ndi pomwe mtsinje wa Umgeni umathirira m'nyanja, mvula itangogwa kumene. Nditapima ndi refractometer, kachipangizo kopimira kuchuluka kwa mchere m'madzi, mchere unali wochepa kwambiri, pomwe makorale amafuna pafupifupi 35 ppt (magalamu 35 a mchere pa kilogalamu imodzi ya madzi), kapena kuti 1.026 pa muyeso wa kulemera kwa madzi. Madziwo analinso amatope. Ndinawataya onse osadandaula, chifukwa sindikanalola kuti makorale anga afe.

Kachiwiri ndinadikira masiku angapo opanda mvula, ndinapita kutali ndi mtsinje ndi doko, ndipo ndinatunga nyanja ikudzaza. Zigubu zake n'zatsopano, zosasungiramo mafuta kapena sopo. Kunyumba ndimawasefa, kenako ndimawatenthetsa mpaka madigiri 25 ndisanathire, pang'onopang'ono.

Patha masabata atatu. Makorale akutambasuka bwino ndipo nsomba zikudya. Ndere zawonjezeka pang'ono pagalasi, choncho ndayamba kupima phosphate, yomwe imakulitsa ndere ikachuluka m'madzi, sabata iliyonse.