Ngalande ya ku Espada ikuyendabe madzi, yathu inapita ndi Freddy

Mlembi_wa_sikimu (Mulanje, cha ku Chitakale)

Moni nonse. Ndine mlembi wa kasikimu kathu ka ulimi wa mthirira, timapatutsa madzi mu kamtsinje kochokera m'phiri. Ngalande yathu ya simenti anatimangira ndi a bungwe lina, ndipo isanakwanitse n'komwe zaka khumi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola pamutu pake ponse. Mpaka lero tikutseka ndi matumba a mchenga.

Sabata yatha mphwanga amene ali ku koleji anandionetsa pa foni mlatho wamiyala wa ku San Antonio, ku Texas m'dziko la America. Pamlathopo sipadutsa anthu ayi, pamadutsa madzi, pamwamba pa mtsinje wina. Akuti anamanga pa mishoni ya Espada m'zaka za m'ma 1740 ndipo mpaka pano ukuthirira minda. Ine sindinagone nazo. Kodi anthu amenewa ankamanga ndi chiyani? Ngati ndi laimu, tiuzeni tikagule laimu.

Aphunzitsi_opuma (Luchenza)

Alembi, nkhaniyi ndimaikonda, mundipirire ndikatalikitsa.

Ngalande zimenezi amazitcha acequia. Liwuli ndi la Chiarabu, chifukwa luso lenilenilo linakula ku Spain nthawi imene Asilamu ankalamulira kumeneko. Ansembe a chipani cha Franciscan atafika pa mtsinje wa San Antonio mu 1718 anayamba mishoni imene lero imadziwika kuti Alamo. San José inabwera mu 1720, kenako mu 1731 zitatu zinasamukira pomwepo kuchokera kummawa kwa Texas: Concepción, San Juan ndi Espada yanuyo. Dera lake ndi la mvula yosadalirika, choncho ngalande ankaikumba tchalitchi chamiyala chisanamangidwe. Popanda chimanga panalibe amene akanakhala pa mishoni kumvera katekisimu. Ankalima chimanga, nyemba, maungu, tsabola ndi thonje, zomwe timalima ifezi.

Pa kamangidwe, inde mlathowo ndi wa miyala ndi laimu, ndipo uli ndi zipata ziwiri zokhota ngati uta zoti madzi a pansi azidutsa. Koma musanyengedwe ndi chithunzi. Mlathowo ndi kachidutswa chabe. Ngalande yonseyo ndi mgula wadothi wokumbidwa ndi manja, woyenda mokhotakhota m'mbali mwa chigwa kuti madzi azitsika pang'onopang'ono, asathamange n'kukokolola, komanso asaime. Anatseka mtsinje ndi damu lalifupi lokhota, longokweza madzi pang'ono kuti alowe m'ngalande. Chigumula chikabwera chimadutsa pamwamba.

Komanso musaganize kuti sinawonongekepo. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 inali itasiyidwa, eni minda ndi amene anagwirizana n'kuikonzanso. Mu 2015 mishoni zisanuzi zinalowa m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse, ndiye pano ili ndi oiyang'anira ambiri.

Mdzukulu_wa_thangata (Thyolo)

Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma mwati "yokumbidwa ndi manja" osanena kuti manja a ndani. Ansembe anali awiri kapena atatu pa mishoni. Okumba anali eni dziko, magulu a anthu amene amatchedwa Coahuiltecan. Iwowa kale ankadalira kusaka ndi kutola zam'tchire. Analowa m'mipanda ya mishoni pothawa nkhondo za mtundu wina wa eni dziko wotchedwa Apache, chilala ndi matenda. Akabatizidwa sankaloledwa kungochoka, wothawa ankamulondola ndi asilikali. Nthomba ndi chikuku zinawapha ambiri m'mipanda momwemo.

Ine ndikamva zimenezi ndimakumbukira agogo anga aamuna. Makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique, napatsidwa pokhala pa esiteti, malipiro ake thangata. Amene amabwera kudzajambula minda ya tiyi kuno amati kukongola, ndipo kukongoladi, koma agogo sankafuna n'komwe kuyenda njira yodutsa m'tiyimo. Ndiye alembi, mukamasirira mlathowo dziwani kuti kapitawo wake anali ndi mphamvu zimene komiti yanu ilibe, ndipo sindikufuna kuti ikhale nazo.

Aphunzitsi_opuma (Luchenza)

Mwanena zoona achimwene, ndipo ndiwonjezere kuti ulimi wothirira sanaubweretse ndi a Spain okha. Ku Arizona, ku America komweko, anthu otchedwa Hohokam anali ndi ngalande zazikulu zaka mazana ambiri mzungu asanaponde kumeneko.

Koma taonani apa. Mishoni za ku San Antonio zinayamba kuthetsedwa mu 1793, ndipo pofika 1824 zinali zitatheratu. Minda inagawidwa, munthu aliyense ndi gawo lake komanso nthawi yake ya madzi, imene ankaitcha dula. Kuyambira pamenepo panalibenso wansembe kapena msilikali wokakamiza. Zaka zimene ngalandeyo yakhala m'manja mwa alimi ndi zambiri kuposa zimene inali m'manja mwa mishoni.

Mayi_wa_kumchira (Thuchila)

Abambo inu mwakamba za mbiri, ine ndikambe za madzi, poti munda wanga uli kumchira kwenikweni kwa ngalande ndipo ndimadziwa kuthirira usiku ndi tochi.

Mwana wanga anandiwerengera za ku New Mexico, dera loyandikana ndi Texas, kumene ngalande zoterezi zinayamba mu 1598 ndipo zilipo mazanamazana zikugwirabe ntchito. Chimene chinandigwira mtima si miyala. Alimi a pa ngalande imodzi amasankha munthu amene amamutcha mayordomo. Iyeyu amayenda m'mbali mwa ngalande, kugawa nthawi ya madzi ndi kuitana anthu ku ntchito. Chaka chilichonse asanatsegule madzi, banja lililonse limatumiza munthu ndi fosholo kukachotsa matope ndi zinyalala. Wokhala ndi munda waukulu amatumiza antchito ochulukirapo. Wosabwera amalipira, akakana amamutsekera madzi. Chaka cha chilala amagawana kuchepako, wakumtunda samwa yekha.

Ku Valencia, ku Spain komweko, oweruza milandu ya madzi ndi alimi okhaokha. Amakumana Lachinayi lililonse masana pakhomo la tchalitchi chachikulu, mlandu amaukamba pakamwa n'kugamula pomwepo. Kwathu kuno munthu akaba madzi usiku timati tidikire msonkhano wa komiti, msonkhanowo ukamachitika tomato wanga wafota kale. Chindapusa chathu chinalembedwa bwinobwino m'buku, koma wakuba madziyo ndi mlamu wake wa tcheyamani.

Alembi, ndikufunseni: ngalande yanuyo isanagumuke, munaichotsa mchenga kangati?

Mlembi_wa_sikimu (Mulanje, cha ku Chitakale)

Mayi, funso lanu landilasa. Kawiri basi, ndipo ulendo wachiwiriwo tinabwera anthu 9 mwa 43. Tinkati ya simenti siifuna khasu. Freddy yekha akanaigumulabe, miyala imene inatsika m'phiri tsiku lija inali yaikulu ngati nyumba, koma kunena zoona madzi anali atasiya kale kufika kumchira iye asanabwere.

Aphunzitsi, za damu lalifupi lija mundifotokozerenso. Lathu anatimangira khoma lalitali lowongoka, ndipo ndi limene linayamba kugwa. Tili ndi msonkhano Loweruka pansi pa mtengo wa mango wa kwa amfumu, ndikufuna ndikajambule pansi ndi kamtengo kuti anthu akaone.